Tsamba mwalikongoletsa, nanga kuseri kwake? Zoyenera kuphunzira mukamayamba kupanga mawebusayiti

Kuno ku Salima ntchito ya mawebusayiti ilipo, kungoti siichita kulengezedwa pa wailesi. Kuyambira pa boma, kudzera cha ku Kuti mpaka kukafika ku Senga Bay, kuli maloji, malo odyera, eni maboti, masukulu a pulayiveti ndi timabungwe ting'onoting'ono. Onsewa amafuna kuti munthu wa ku Lilongwe kapena wakunja awapeze pa foni asananyamuke. Achinyamata ambiri tayamba kupeza maganyu pamenepa, ndipo funso limene anzanga amandifunsa kawirikawiri ndi ili: "Aise, HTML ndi CSS ndikuzitha, ndiye ndiphunzirenso chani?"

Yankho langa ndi lakuti musathamangire zilankhulo zonse za kompyuta. Paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Phunzirani ulendo umene uthenga umodzi umayenda, kuchokera pa foni ya mlendo, kukafika pa seva, kulowa mu database, n'kubwereranso. Mukaumvetsa ulendo umenewu, mudziwa nokha zofunika kuphunzira panopa ndi zoti zidikire kaye.

Kutsogolo ndi kuseri

Webusayiti ili ngati loji. Kuli chikwangwani, khonde, maluwa ndi mipando yokongola, zimene mlendo amaona akangofika. Kumeneko ndiye kutsogolo, kumene anthu a ntchitoyi amati front-end, ndipo timakumanga ndi HTML, CSS ndi JavaScript. Koma kulinso ofesi ya kumbuyo komwe kumakhala buku la alendo, makiyi a zipinda ndi malisiti. Kumeneko ndiye kuseri, back-end.

Kusiyana kwake kwenikweni ndi uku: zakutsogolo zimagwira ntchito mu foni kapena laputopu ya mlendoyo, pamene zakuseri zimagwira ntchito pa seva, yomwe ndi kompyuta ina yake yoyaka usana ndi usiku, mwina ili ku Johannesburg kaya ku London. Chilichonse chimene chili mu foni ya mlendo, mlendoyo angathe kuchisintha ngati ali wochenjera. N'chifukwa chake mtengo wa chipinda, mapasiwedi ndi umboni woti munthu walipira siziyenera kudalira za kutsogolo zokha. Mwini loji sasiya buku la malisiti pa khonde.

Ulendo wa booking imodzi

Tiyerekeze kuti banja lina la ku Area 25 likufuna kudzaona mbidzi ku Kuti Loweruka, n'kukagona pa loji ina kunyanja. Mayi a m'nyumbamo atenga foni. Zimene zimachitika ndi izi:

1. Alemba dzina la webusayiti. Dongosolo lotchedwa DNS lisandutsa dzinalo kukhala manambala osonyeza komwe kuli seva.
2. Seva itumiza tsamba, foni ilionetsa.
3. Mayi aja adzaza fomu: dzina, nambala ya foni, tsiku lofika ndi lochoka. Adina batani.
4. Pulogalamu ya pa seva ilandira fomuyo, iona ngati zolembedwazo zili zolongosoka, kenako ifunsa database ngati chipindacho chilibe munthu masiku amenewo.
5. Alipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo uthenga wotsimikiza ufika ku seva.
6. Seva ilemba booking ija mu database n'kutumiza uthenga kwa mlendo komanso kwa mwini loji.

Munthu wodziwa HTML ndi CSS zokha amathera pa nambala 3. Kuyambira pa 4 kutsika mmunsi ndi pamene pali ndalama, ndiponso ndi pamene zinthu zikalakwika kasitomala amakuimbira usiku. Tiyeni tione luso lofunika pa sitepe iliyonse.

JavaScript, koma ya maziko

Musanapite ku seva, dziwani JavaScript yokwanira. Chilankhulochi anachiyambitsa Brendan Eich mu 1995, ndipo lero chimagwira mu browser iliyonse. Simukufunika kukhala shasha. Dziwani ma variable, ma function, ma loop, kuwerenga zimene munthu walemba mu fomu, ndi kutumiza kapena kulandira deta mu mpangidwe wotchedwa JSON. Maziko amenewa ndi omwewo m'zilankhulo zina zonse, ndiye mukawagwira kamodzi, basi mwawagwira.

Chilankhulo chimodzi cha pa seva

Apa ndi pamene anthu amakangana kwambiri m'magulu a pa WhatsApp. Wina akuti Python, wina Node.js, wina akuti PHP inatha kalekale. Maganizo anga, poona ntchito zimene zimapezeka kuno, ndi akuti yambani ndi PHP.

Zifukwa zake zilipo zitatu. Choyamba, hosting yotchipa imene mabizinesi ang'onoang'ono angakwanitse pafupifupi yonse imabwera ndi PHP ili kale momwemo. Chachiwiri, WordPress, imene Matt Mullenweg ndi Mike Little anayambitsa mu 2003, inalembedwa mu PHP, ndipo mawebusayiti opitirira 40 pa 100 aliwonse padziko lapansi amayendera WordPress. Ganyu yambiri imene mudzapeze si yomanga tsamba latsopano ayi, koma yokonza la WordPress limene wina anasiya litawonongeka. Opanda PHP mudzangolipenya. Chachitatu, PHP, imene Rasmus Lerdorf anatulutsa mu 1995, yakhalapo nthawi yaitali moti vuto lililonse limene mungakumane nalo wina anakumana nalo kale n'kulemba yankho lake.

Sikuti zinazo n'zoipa. Node.js, ya Ryan Dahl ya mu 2009, imakulolani kugwiritsa ntchito JavaScript yomwe ija pa seva. Python ndi yosavuta kuwerenga, ndipo ili ndi Django yomangira mawebusayiti. Ngati munayamba kale chimodzi mwa izi, pitirizani, osasiya panjira. Chofunika n'chakuti musankhe chimodzi n'kukhala nacho mpaka mutamanga chinthu chogwira ntchito.

Mu chilankhulo chimene mwasankhacho, phunzirani zinthu izi: kulandira fomu ndi kusiyanitsa GET ndi POST, kuonetsetsa kuti zolembedwa mu fomu n'zoyenera, ma session amene amachititsa kuti seva ikukumbukireni mukalowa ndi pasiwedi, kulandira zithunzi zimene munthu watumiza, ndi kutumiza imelo. Ma framework ngati Laravel abwere pambuyo. Mukayamba ndi Laravel musanadziwe PHP yeniyeni, tsiku limene chinachake chidzakanike simudzadziwa poyambira.

Database ndi SQL

Ngati pali chinthu chimodzi chimene ndingakuuzeni kuti musachidumphe, ndi ichi. Database ndi buku la alendo lija, koma lokhala m'matebulo. Loji yathu ija ingakhale ndi matebulo atatu: la zipinda, la alendo, ndi la ma booking, lomwe limalumikiza mlendo ndi chipinda ndi masiku ake. Pa hosting yambiri mupeza MySQL kapena m'bale wake MariaDB, ndipo chilankhulo cholankhulira nazo ndi SQL.

Mawu oyambira ndi ochepa: SELECT potenga zimene zasungidwa, INSERT powonjezera, UPDATE posintha, DELETE pofufuta, ndi JOIN pophatikiza matebulo awiri. Kuwaloweza kokha ndi ntchito ya masiku ochepa. Chovuta ndi kuganiza bwino.

Mwachitsanzo, mungadziwe bwanji kuti chipinda chili ndi munthu kale? Oyamba kumene ambiri amangoona ngati tsiku lofika likufanana ndi la booking ina. Koma wina akhoza kufika Lachisanu n'kuchoka Lamlungu, winanso n'kupempha chipinda chomwecho kuyambira Loweruka. Masiku ofika ndi osiyana, koma anthuwo akumana pa khomo limodzi. Lamulo lake ndi ili: ma booking awiri awombana ngati watsopanoyo akufika wakaleyo asanachoke, komanso akuchoka wakaleyo atafika kale. Ndi mzere umodzi wa SQL, koma ndi umene umasiyanitsa tsamba lothandiza ndi tsamba lochititsa manyazi. Tonse tikudziwa mmene Senga Bay amadzazira pa Khirisimasi, pa Isitala kapena kukakhala chikondwerero cha nyimbo kunyanja. Mabanja awiri atalipira chipinda chimodzi usiku ngati umenewo, dzina loipa silikhala la mwini loji yekha, limakhalanso lanu.

Hosting ndi domain

Tsamba logwira bwino pa laputopu yanu silinafike kwa anthu. Muyenera kudziwa kulikweza pa seva. Phunzirani cPanel, kutumiza mafayilo kudzera pa SFTP, kupanga database pa hosting, ndi ma record awiri a DNS: A record yolozera dzina la tsamba ku seva, ndi MX record yolozera maimelo. Mukasokoneza MX posamutsa tsamba, kasitomala amasiya kulandira maimelo osadziwa, n'kumadabwa kuti bwanji alendo asiya kufunsa malo.

Dziwaninso kuwerenga manambala a zolakwika. 404 ikutanthauza kuti chimene chafunsidwacho sichikupezeka. 500 ikutanthauza kuti pulogalamu ya pa seva yagwa, ndipo chifukwa chake chimakhala chitalembedwa mu fayilo ya error log. Kutsegula fayilo imeneyi musanayambe kungosinthasintha zinthu kudzakupulumutsirani maola ambiri. Maseva ochuluka amayendera Linux, ndiye malamulo ochepa ngati ls, cd, cp ndi chmod, komanso kulowa mu seva kudzera pa SSH, n'zofunika.

Pa nkhani ya domain, mayina othera ndi .mw amayendetsedwa ndi a Malawi SDNP, pamene .com ndi hosting yakunja mitengo yake imakhala ya madola. Izi zimakhudza mtengo umene mumauza kasitomala. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo aliyense amene analonjeza mtengo wa hosting wosasintha m'makwacha anaona yekha mmene zinakhalira. Muuzeni kasitomala poyambirira kuti domain ndi hosting zimalipiridwa chaka ndi chaka ndipo mtengo ukhoza kukwera.

Chinanso, domain ilembetsedwe mu dzina la kasitomala ndi imelo yake, osati yanu. Mawa mukapeza ntchito ku Blantyre kapena mukatsikira ku Joni, bizinesi ya munthu isafe chifukwa pasiwedi inapita nanu.

Chitetezo

Anthu ena amati, "Ndani angalimbane ndi katsamba ka loji ya ku Salima?" Si munthu amene amakhala pansi n'kukusankhani. Ndi mapulogalamu amene amangoyendayenda pa intaneti kuyesa chitseko chilichonse, ndipo sasankha kuti uyu ndi wamng'ono. Zoyambira ndi zinayi.

Choyamba, musamatenge zimene munthu walemba mu fomu n'kuziponya mu SQL momwemo. Wakuba akhoza kulemba lamulo la SQL m'malo mwa dzina lake, database n'kumumvera. Kuba kotereku kumatchedwa SQL injection, ndipo mankhwala ake ndi ma prepared statement, amene mu PHP mumawapeza mu PDO.

Chachiwiri, pasiwedi isasungidwe mmene munthu wailembera. PHP ili ndi password_hash ndi password_verify zochitira ntchito imeneyi. Ambirife timagwiritsa ntchito pasiwedi imodzi paliponse, ndiye ikabedwa pa tsamba lanu, ndiye kuti Facebook ya munthuyo yapitanso.

Chachitatu, HTTPS. Kuyambira mu 2018, Chrome imalemba kuti "Not secure" pa tsamba lopanda satifiketi ya chitetezo, ndipo mlendo wakunja akaona mawu amenewo sapitiriza. A Let's Encrypt amapereka satifiketi imeneyi ulere. Imakhala ya miyezi yochepa chabe, choncho onetsetsani kuti ikudzikonzanso yokha.

Chachinayi, ngati ndi WordPress, muzipanga update, ndipo ma theme ndi ma plugin ogulitsa amene mwawapeza aulere pa masamba okayikitsa asiyeni. Ambiri amabwera ndi chitseko cha kuseri chimene wakuba anasiya chotsegula. Zaulere zina zimadula pambuyo.

Apa palinso malamulo a dziko. Malawi ili ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, yomwe mwa zina imaletsa kulowa mu kompyuta ya wina popanda chilolezo, ndiye osamayeserera luso lanu pa masamba a eni ake. Palinso Data Protection Act ya 2024, imene a MACRA anapatsidwa udindo woyang'anira. Mayina, manambala a foni ndi manambala a mapasipoti a alendo ndi zinthu zotetezedwa. Funsani zokhazo zimene ntchitoyo ikufuna, ndipo zisungeni mosamala.

Kulandira ndalama

Kuno anthu ambiri salipira ndi khadi, amalipira pa foni. Ndiye woyamba kumene amene akudziwa kulumikiza tsamba ndi Airtel Money kapena Mpamba ali patsogolo pa anzake. Kulumikizaku kumachitika kudzera mu API, yomwe ndi njira imene mapulogalamu awiri amalankhulirana. Makampani ngati PayChangu amaphatikiza njira zingapo zolipirira pamalo amodzi, ndipo amakhala ndi malo oyeserera musanayambe kugwira ndalama zenizeni.

Mfundo yaikulu ndi iyi: tsamba lisavomereze kuti munthu walipira chifukwa choti foni yake yanena choncho. Seva yanu ndi imene iyenera kutsimikiza kwa kampani yolipirirayo kuti ndalama yafikadi komanso ndi yokwana. N'chimodzimodzi wa pa golosale amene sakhulupirira screenshot, amadikira uthenga ufike pa foni yake. Makiyi achinsinsi a API azikhala pa seva basi, asaoneke mu JavaScript ya kutsogolo. Ndipo manambala a makhadi a anthu musawasunge n'komwe, ntchito imeneyo isiyireni kampani yolipirira.

Git ndi backup

Git inalembedwa ndi Linus Torvalds mu 2005, ndipo ntchito yake ndi kusunga mbiri ya kusintha kulikonse kumene mwapanga pa code yanu. Mukawononga chinachake lero, mumabwerera pa dzulo. Mukaika ntchito yanu pa GitHub, laputopu ikabedwa mu minibasi kapena ikapsa magetsi atabwera mwamphamvu, ntchito imatsala. GitHub yomweyo ndi umboni wanu kwa wofuna kukulembani ntchito.

Koma Git siisunga database. Ma booking onse aja amafuna backup yawoyawo, yosungidwa kwina osati pa seva yomweyo. Ndipo muziyesa kuibwezeretsa nthawi zina. Backup imene simunaiyesepo simukudziwa ngati ilidi backup.

Kumbukirani bandulo ya mlendo

Anthu ambiri adzatsegula tsamba lanu pa foni, pa netiweki yoduladula, ndi bandulo yowerengera. Chithunzi cha dzuwa likulowa ku Kuti chikhoza kukhala chokongola, koma chikakhala cha ma megabyte asanu munthu atseka chisanaoneke. Chepetsani zithunzi musanazikweze, yatsani caching ndi compression pa seva, ndipo yesani tsambalo pa foni yotchipa muli kunja kwa tauni, osati pa Wi-Fi ya mu ofesi.

Zimene zingadikire

Docker, Kubernetes, AWS, React, zonsezi mudzazimva ndipo zili ndi malo ake, koma tsamba la loji ya zipinda khumi silizifuna. Za ChatGPT ndi anzake, gwiritsani ntchito, palibe choletsa. Kungoti code imene simukuimvetsa musaiike pa seva ya kasitomala, chifukwa ikadzavuta wofunsidwa ndinu.

Dziwaninso nthawi imene kuseri sikukufunika n'komwe. Mayi wogulitsa chambo chowotcha kapena mnyamata wa boti lopita ku chilumba angofuna tsamba limodzi la zithunzi, mitengo, mapu ndi batani la WhatsApp. Musamugulitse database imene sangaisamale. Walira mvula walira matope: database ikabwera, imabwera ndi ma update, ma backup ndi udindo wosunga zinsinsi za anthu.

Koyambira

Simukufunika intaneti tsiku lonse. Tsitsani XAMPP kamodzi, muli ndi seva, PHP ndi database mu laputopu yanu, zogwira popanda bandulo. Buku la malangizo a PHP nalonso limatheka kulitsitsa n'kumawerenga opanda netiweki. MDN, freeCodeCamp ndi maphunziro a CS50 a ku Harvard ndi aulere. Ku Lilongwe kuli mHub, imene anayambitsa Rachel Sibande, komwe achinyamata a zaukadaulo amakumana ndi kuphunzitsana. Ena amafunsa ngati pakufunika digiri. Ine yanga sindinaimalize, ndipo makasitomala amene ndagwira nawo ntchito amafunsa chinthu chimodzi: "Tationetsani zimene munapangapo." Sukulu ikapezeka musaikane, imathandiza, koma musadikire pepala kuti muyambe.

Ntchito yoyamba ikhale iyi. Pekani loji ya zipinda zitatu. Ipangireni fomu ya booking, database ya matebulo atatu aja, ndi tsamba la mwini loji lolowera ndi pasiwedi. Ikanize ma booking owombana. Kenako ikwezeni pa hosting yeniyeni yokhala ndi HTTPS, mupatse anzanu awiri kuti ayese kuiwononga: alembe zopanda pake mu fomu, asankhe tsiku lochoka lomwe lili kumbuyo kwa tsiku lofika, adine batani limodzi kasanu. Konzani zonse zimene apeze. Pomaliza fufutani database yonse dala, muibwezeretse kuchokera ku backup. Zikatheka zimenezo, mukhoza kukagogoda pa geti la loji ina iliyonse ku Senga Bay n'kutchula mtengo wanu mosachita manyazi.